Tsiku Limene Nyimbo Inagwa

Okutobala wa ku Utale sungamufotokozere munthu amene sanakhaleko. Dzuwa limatuluka litakwiya kale, malambe amaima mbulanda ngati akuluakulu olandidwa zovala, ndipo masana njanji imaoneka ngati ikusambira m'madzi omwe kulibe. Masiku ano mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inatha, inapita m'tauni m'matumba a makala, ndipo achinyamata amafunsirana pa foni atagona chagada. Koma m'zaka zimenezo, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, mthunzi unalipo, ndipo chibwenzi chinkafuna miyendo.

Chibwenzi cha Uladi chinkayenda pa njinga. Loweruka likafika ankavundikira makina ake osokera pakhonde la sitolo ku Balaka n'kupalasa mpaka pa mtsinje wouma wa kuseri kwa mudzi wa Joanna. Anali mnyamata wa ku Machinga, Msilamu, wa maso ngati munthu amene wangodzuka kumene. Joanna anali Mkhristu, mtsikana amene kwaya yonse ya m'mudzimo inkatsamira pa liwu lake. Anadziwana tsiku limene Joanna anakasoketsa diresi. Ali pabenchi kudikira anayamba kung'ung'udza kanyimbo, telalayo n'kuimitsa makina, nati, "Musasiye." Diresilo linatuluka mkono umodzi wautali kuposa unzake. Joanna sanalibweze.

Loweruka limeneli anakhala pamchenga, pansi pa mtengo wa mkuyu, njinga itagona pambali. Joanna ankaimba motsitsa nyimbo ya mawa lake kutchalitchi.

"Imeneyo ndi ina," anatero Uladi, maso ali otseka.

"Ina bwanji, Che Uladi? Ndi yomwe ija ndinakuimbirani sabata yatha. Mawu ake omwewo."

"Mawu omwewo, inde. Koma sabata yatha munayambira pa Ndowa. Lero mwayambira pa Njiwa."

Joanna anaseka mpaka kudzigwira pamimba. Mayina amenewa anali atawamvapo, koma sanatope nawo. Uladi sanaphunzire za nyimbo kwa wina aliyense. Liwu lililonse analipatsa dzina la pamene anakumana nalo koyamba. Ndowa linali kulira kwa ndowa ya mayi ake ikagunda mwala wa pachitsime. Njiwa linali pamwamba pake pang'ono. Kunali Chitsulo, chidutswa cha njanji chomwe ankaimba pasukulu, kunalinso Udzudzu, kutali m'mwamba.

"Kukwaya kwathu kulibe zimenezo," anatero Joanna. "Aphunzitsi a Blasius akatipatsa do, ameneyo ndiye do. Re amabwera pamwamba pake, mi pamwamba pa re. Kaya tayambira m'munsi kaya m'mwamba, nyimbo ndi yomweyo."

"Do wanuyo ndi mkamwini. Lero ali mudzi uno, mawa amusamutsira kwina, iye phee."

"Samalani pakamwa, bambo. Ukamwini womwewo si umene mukuupalasira njinga?"

Uladi anatsegula diso limodzi n'kumwetulira. Kenako anatola nsonga ya chitenje cha Joanna, mwaulemu, ngati akuyeza nsalu ya kasitomala.

"Ndikakuonetsani nsalu yofiira, kodi mumayamba mwaitanitsa yobiriwira kuti muyerekeze?"

"Iyayi. Chofiira n'chofiira."

"Ndi mmene ine ndimamvera. Liwu likalira, limafika ndi nkhope yake. Sindiganiza, sindiwerenga, ndimangoti, aa, ndi uje. Inu mumamva mtunda wa pakati pa nyumba ndi nyumba. Ine ndimadziwa eni nyumbazo. Tsono mukaisuntha nyimbo, kwa ine zili ngati ndabwera kumudzi n'kupeza aliyense akugona m'nyumba ya mnzake. Njira ndi zomwezo, koma ndagogoda kwa azakhali, atuluka ndi anthu ena."

"Ndiye zimakupwetekani?"

"Zimandisokoneza pang'ono. Ndili mwana ndinkayesa aliyense amamva choncho. Tsiku lina ndinawauza amayi kuti mbuzi yathu ndi chitseko cha kumzikiti n'zapachibale, chifukwa zinkalira liwu limodzi. Anandikhudza pachipumi kuona ngati ndi malungo."

Kutali, mapiri a ku Machinga ankaoneka ngati adulidwa m'munsi, akungoyandama mu utsi wa lupsa. Nyenje zinkalira osapuma. Joanna anakumba mchenga ndi chala cha kuphazi mpaka anafika pozizira.

"Nanga ine ndimakhala nyumba iti?"

Uladi anasiya nsonga ya chitenje ija.

"Pakati pa Njiwa ndi Chitsulo pali kanyumba kamene ndinkangodutsa. Ndinalibe nako dzina. Mukamandiitana, mumayambira pamenepo. Tsopano ndinakatcha Joanna. Vuto lake, mwayamba kupezeka paliponse. Mphepo ikalowa m'botolo, ndinu. Dzana ndinakumvani m'ketulo ya mwini sitolo, ndinatsala pang'ono kuyankha."

"Mmm! Anzanga amawayerekeza ndi maluwa. Ine ketulo."

"Maluwa salira, achemwali."

* * *

Joanna atafika kunyumba anapeza atsibweni ake, a Pitala, mlongo wa mayi ake, ali pakhonde kusewera bawo ndi Blasius. A Pitala ndiwo anali mwini mbumba, ndiponso tcheyamani wa nthambi ya chipani, munthu wa phwete koma wogona ndi khutu limodzi. Blasius anali mphunzitsi, woimbitsa kwaya Lamulungu, ndipo masiku a chipani ankavala malaya ofiira. Anafunsirapo Joanna chaka chapitacho. Joanna anamukana, ndipo yankholo linali lisanamutsike pakhosi.

"Takulandirani, a Joanna," anatero Blasius osakweza mutu. "Mchenga uli kumapaziwo ndi wa njira ya kutchalitchi? Kapena anasamutsira tchalitchi kumtsinje osandiuza?"

"Anakuuzani, aphunzitsi. Mwina munali pakati poimbitsa, simunamve."

A Pitala anaseka n'kuwomba ntchafu. Kenako anauza Joanna kuti akhale pansi.

"Iwe Joanna, za telala wakoyo mudzi wonse ukudziwa, ndatsala ndine ndekha kunamizira kusadziwa. Mayi ako akulira usana ndi usiku, akuti udzavala mpango mpaka m'maso."

"Sananenepo zoti ndisiye mpingo, atsibweni."

"Onse amatero asanadye nkhuku ya apongozi," anaponyamo Blasius.

"Taimani, aphunzitsi. Ine mkamwini wosadya nkhumba ndikumufuna kumene, ziweto zanga zingaswane." A Pitala anatola njere za bawo, nkhope n'kusintha. "Chipembedzo sindikuchiopa. Takhala nawo Asilamu chibadwire, maliro timaika limodzi. Chimene ndimaopa ndi lilime. Masiku ano munthu samangidwa ndi chingwe, amamangidwa ndi pakamwa pake, n'kukokera ndi mudzi womwe. Pakhomo panga padzalowa munthu wodziwa kumeza mawu. Lachitatu amayi akuyeserera nyimbo pabwalo, kukubwera nduna mwezi uno. Umuuze abwere adzandipatse moni, ndimuone mayendedwe. Ndikakhutira, atumize ankhoswe."

Joanna anawomba m'manja mwaulemu. Blasius anadya njere za a Pitala mzere wathunthu, osamwetulira.

* * *

Uthenga unadzera kwa Rukiya, mlongo wake wa Uladi, yemwe anakwatiwa kufupi ndi siteshoni ndipo ankagulitsa zitumbuwa sitima ikaima. Iye ndiye anali mlatho wa awiriwa kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti kwawo ku Machinga nkhani ya mtsikana wa kutchalitchi inkanenedwa motsitsa, ngati matenda.

"Ndimuuza, afika," anatero Rukiya akupirikitsa ntchentche padengu. "Koma mwati pabwalo padzakhala kuimba?"

"Amayi okha, kuyeserera."

"Yaa Rabbi. Mukanamuitanira kudimba."

"Chifukwa?"

"Achimwene anga ndi munthu wofatsa, muwatukwane sayankha. Koma pakamveka nyimbo, amachoka. Thupi limatsala pomwepo, mwini wake wapita. Ukawafunsa kanthu nthawi imeneyo amayankha ngati akulota, zoona zokhazokha. Pa ukwati wanga anawauza apongozi anga kuti akuimbira panjira ya eni."

"Ndidzamuyang'anira."

"Mudzamuyang'anira bwanji inu muli kutsogolo, pakamwa yasa?"

* * *

Lachitatu masana bwalo linadzaza. Amayi anavala nsalu za chipani, ng'oma zitawambidwa pamoto, fumbi likukwera mpaka m'nthambi za mtengo wa mtondo. A Pitala anakhala pampando, baji pachifuwa. Pambali pawo panaima anyamata a malaya ofiira ndi mtsogoleri wawo Goliati, munthu wamfupi amene dzina linkamukhuthukira ngati jekete lobwereka.

Uladi anafika atavala malaya oyera ndi kofia. Anatsamiritsa njinga, n'kunjuta patsogolo pa a Pitala, n'kupereka moni ndi manja awiri. Anaonetsa khadi asanafunsidwe. Anayankha za kwawo, za makolo, za ntchito, mwachidule ndi mwaulemu. Joanna, ali pamzere wa kutsogolo, anaona atsibweni ake akugwedeza mutu, kenako akuseka, kenako akuloza mpando woti mlendo akhalepo. Anamva ngati mvula yoyamba yamugwera pamsana.

Blasius naye anaona. Anakweza dzanja, n'kupereka liwu, nyimbo n'kuyamba.

Inali nyimbo yaitali yotamanda Mwini Dziko, yobwerezabwereza, ndipo dzina lawo linkafika kumapeto kwa ndime iliyonse, pamwamba penipeni, pamene mawu onse amakumana. Ndime zoyamba zinakwera bwino. Koma dzuwa linali pamutu, amayi anali atachokera kumunda, kukhosi kutauma. Ndime iliyonse inkatsetsereka pang'ono, kuchepa kwake ngati tsitsi, ndipo poti onse ankatsetserekera limodzi, palibe anadziwa. Ngakhale Joanna sanadziwe. Kwa iye mtunda wa pakati pa mawu unali womwewo, nyimbo inali bwinobwino.

Uladi anali atatseka maso. M'mutu mwake mudzi wonse unkasamuka. Anthu ankatuluka m'nyumba zawo mmodzimmodzi, atasenza mphasa, n'kumalowa m'nyumba za m'munsi, ndipo a m'munsiwo nawo ankatsikira kudambo. Ankawaonerera akupita, mwachisoni, monga umaonerera madzi akutha padziwe.

Ng'oma zitaleka, Blasius anapukuta thukuta n'kutembenukira kwa mlendo.

"Che Telala! Timamva kuti muli ndi makutu a mleme. Tatiuzani, amayi athu aimba bwanji?"

Joanna anayesa kumukodola ndi maso. Maso a Uladi anali akadali otseka.

"Aimba mokoma," anatero ndi mawu a kutulo. "Koma yagwa."

"Chagwa n'chiyani?"

"Poyamba dzina lawo lija linali pamwamba. Lakhala likutsika, likutsika. Pano lagwa."

Mayi wina anatseka pakamwa pa mwana amene sanali kulira n'komwe. Blasius sanakuwe. Anangotambasula manja n'kuyang'ana kwa Goliati, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso yomwe sanapemphe.

"Atcheyamani, mwamva nokha. Ine sindinawonjezerepo mchere."

Goliati anayandikira. "Tabwerezanso, Chemwene. Dzina la ndani lagwa?"

Uladi anatsegula maso, n'kuona nkhope zonse zili pa iye. Anaimirira msanga.

"Iyayi, bwana, simunandimve. Ndikunena liwu. Dzinalo linayambira pa Chitsulo, koma lathera pa Ndowa."

"Lathera mu ndowa!" Goliati anatembenukira kugulu. "Mwamva? Dzina la Mwini Dziko lathera mu ndowa!"

"Si ndowa yotungira, ndi dzina chabe la..."

Anamugwira mikono uku ndi uku. Kofia inagwera m'fumbi. Goliati analamula kuti wina akwere njinga ya telalayo akaitane landirova ku Balaka. Panalibe amene sankadziwa kuti landirova yotere imadziwa njira yopita yokha. A Pitala anali atagwira baji yawo ngati ikuwotcha, chifukwa mlendoyo anali atakhala pampando umene iwo eni anamulozera.

* * *

Joanna sanadziwe kuti miyendo yake yamufikitsa bwanji pakati pa bwalo. Anangozindikira wagwada patsogolo pa Goliati, ndipo pakamwa pake pakutuluka kuseka.

"Achimwene a Goliati, mukufuna kuvutitsa boma ndi petulo chifukwa cha ameneyu? Mukakafika naye kumeneko adzakusekani. Mutu wake suyenda bwino. Ku Balaka amadziwa aliyense."

"Wamisala amasoka malaya?" anafunsa Blasius.

"Mwaliona diresi limene anandisokera, aphunzitsi? Munaliseka nokha kukwaya."

Amayi angapo anaseka mwamantha. Joanna anadzuka n'kuyang'ana Uladi. Chimene ankati achite chinali kumuvula pagulu, ndipo nsalu zake anazidziwa chifukwa mwini wake anamuonetsa pamthunzi, ali awiri.

"Che Uladi, tawauzani anthuwa. Mbuzi ya kwanu mbale wake ndani?"

Uladi anamuyang'ana. Joanna anaona kuti wamvetsa, ndipo anaonanso kuti kumvetsako sikunachepetse ululu.

"Chitseko cha kumzikiti," anayankha motsitsa.

Kuseka kunayambira kumbuyo.

"Nanga ine, tsiku lija munandimva ndili kuti?"

"M'ketulo."

Bwalo linaphulika. Anthu amene anali atagwira mpweya anaupeza potulukira, anaseka mopitirira muyeso, ena mpaka misozi. Goliati, posafuna kutsalira, anatola khasu n'kuligogoda ndi mwala pafupi ndi khutu la Uladi.

"Nanga uyu ndani, Chemwene? Atsibweni ako?"

"Ameneyo ndi Udzudzu."

"Udzudzu! Khasu lonseli!" Goliati anagwira m'chiuno, akupukusa mutu. "Musiyeni. Ndi zomwezi anthu a kumapiri, majini okhaokha. Tenga njinga yako, iwe, usadzapondenso pabwalo la anthu a nzeru."

Uladi anatola kofia, n'kuikuntha fumbi pabondo. Sanakwere njinga. Anaikankha pang'onopang'ono kudutsa pakati pa anthu oseka, osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Blasius yekha ndi amene sankaseka. Ankayang'ana Joanna ngati mlenje amene nyama yamupulumuka koma waona kumene yalowera.

* * *

Dzuwa litapendeka, a Pitala anaitana Joanna kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe makutu.

"Wamupulumutsa, mwana wa mlongo wanga. Wandipulumutsa ndi ine ndemwe. Amuna tonse tinali pamenepo, nzeru inatuluka mwa iwe."

"Ndiye ankhoswe abwere liti, atsibweni?"

A Pitala anakhala pa mtondo wogubuduzika n'kuvula baji, n'kumaitembenuza m'manja.

"Mnyamata uja ndinamukonda, usaganize kuti ayi. Ndipo ndikudziwa kuti misala alibe. Nanenso ndinamva kuti nyimbo ija ikulemera kumapeto, kungoti ine ndinabadwa ndi chotsekera. Koma taganiza. Wanena pagulu kuti ndi wamisala. Mawa ndimupatse mbumba yanga, Blasius adzafunsa kuti, kodi atcheyamani amapereka mwana kwa wamisala? Akatero ndiye kuti akudziwa kuti ndi wabwinobwino. Ndipo ngati ndi wabwinobwino, mawu aja ananena ali ndi nzeru zake."

"Tidikire anthu aiwale."

"Aiwale ndani? Dziko lino limaiwala malonjezo, siliiwala mawu." Anapumira m'mwamba. "Akachira, landirova ibwera. Akapanda kuchira, ukwati palibe. Sankhapo wekha chimene ndikapemphere."

* * *

Loweruka Joanna anapitabe kumtsinje. Anakhala pansi pa mkuyu mpaka mthunzi unasamukira tsidya lina. Mapiri ankayandama monga kale, nyenje zikulira, ndipo kwa nthawi yoyamba anayesa kumvetsera kuti kodi liwu lawo lili ndi nkhope yotani. Sanaone kanthu. Linali phokoso chabe.

Amene anatsika pagombe sanali wa njinga. Anali Rukiya, dengu pamutu. Sanakhale pansi.

"Musadikire, sabwera. Amjomba athu a Swaibu, mlongo wa amayi, anafika ku Balaka Lachinayi. Nkhani inawapeza kumzikiti. Anyamula makina, anyamula ndi mwini wake, apita naye ku Machinga."

"Kukatani?"

"Kukamuchotsa majini, nanga si ali nawo? Mudzi wathunthu unamva. Amjomba akuti akapanda kuoneka akumuchiritsa, a malaya ofiira adzabwera kudzafunsa chifukwa chake."

"Uladi wanenako chiyani za ine?"

"Akuti ndikuthokozeni." Rukiya anakonza nkhata pamutu. "Anangoti, ukawathokoze. Sindinamvepo zikomo wozizira choncho."

Joanna anaimirira, mchenga ukuyoyoka pachitenje. "Ndipita konko. Ndikamufotokozera ndekha."

"Mukafikira kwa yani? Panyumbapo pali kale womuphikira phala. Nafisa, mwana wa amjomba, msuweni wake. Anamusungira kuyambira ali ana, iye ndi amene ankazemba. Tsono akuluakulu agwirizana kuti mnyamata wosokonezeka chonchi amakhazikika akakwatira wa kwawo. Akuti zichitike mwezi wa kusala usanafike."

"Koma si wamisala! Inu mukudziwa kuti si wamisala!"

Mawuwo anagunda gombe la tsidya n'kubwerera. Rukiya anayang'ana kumtunda, kunjira yopita kusukulu, n'kudikira mpaka atatsimikiza kuti chimene chinagwedezeka kumeneko ndi mbuzi.

"Kuwani ndithu, amve onse, tikamuperekeze pa landirova." Anatembenuka n'kuyamba kukwera gombe, dzanja limodzi lili padengu. Ali pamwamba anacheuka. "Munamudwalitsa ndinu, achemwali. Omuchiza apezeka ena."